Makadi a mafunso othetsa nzeru: ndemanga yanga patatha teremu imodzi

Ndine mphunzitsi pa CDSS ina kuno ku Mulanje, chakumtunda kwa Chitakale, ndipo kalabu ya dibeti ili m'manja mwanga. Makadi awa ndinawaona pa gulu lathu la aphunzitsi pa WhatsApp, akutsatsa bambo wina wa ku Limbe amene amasindikiza yekha. Ndinatumiza K18,000 pa Airtel Money Lachiwiri, Lachisanu kondakitala wa minibasi n'kundiimbira kuti katundu wanu wafika pa siteji. Pamenepo ndilibe dandaulo. M'kabokosimo muli makadi 60 okutidwa pulasitiki, mbali imodzi Chingerezi inayo Chichewa, ndi kabuku ka mphunzitsi. Khadi lililonse lili ndi kankhani ka munthu amene wapanikizika pakati pa zinthu ziwiri, kenako funso loti iweyo ukanatani. Tawagwiritsa ntchito Lachitatu lililonse masana kwa teremu yathunthu, ana ambiri ali a Fomu 3.

Pulasitikiyo ndi yolimba, ndipo kuno n'zofunika. Chiperoni chikabwera mapepala amalowa chinyontho ali m'kabati momwe, koma makadiwa akadali ngati atsopano. Zilembo zokha n'zazing'ono kwambiri. Khadi limodzi silikwanira ana 40, ndiye ndimachita kuwerenga mokweza kawiri kapena kukopera pa bolodi.

Khadi loyamba ndi lija lotchuka la sitima yoduka mabuleki: kutsogolo pa njanji kuli anthu asanu, ukaipatutsa igunda munthu mmodzi wa pa njanji ina. Funsoli analiyambitsa ndi Philippa Foot, mayi wa ku England, mu 1967, ngakhale khadilo silinena. Kwa ana anga linagwa ngati nthabwala. Choyamba, ku Chichewa analemba kuti "ngolo" m'malo mwa sitima, ndiye ana anayamba kuganiza za ngolo ya ng'ombe n'kumadabwa kuti ngolo ingaphe bwanji anthu asanu nthawi imodzi. Nditawongola, mnyamata wina amene kwawo ndi ku Luchenza, kumene njanji imadutsa, anaimika mkono. "Madamu, anthu asanu onsewo ndi ogontha? Bwanji osangokuwa?" Kalasi yonse kuseka. Ndinayesa kufotokoza kuti tiyerekeze kuti kukuwa sikungatheke, koma mtima wawo unali utachokapo kale. Makadi otere, a maboti omira ndi a madokotala a m'mayiko ozizira, alipo ngati 15, ndipo ndasiya kuwatulutsa.

Chichewa chake chili ndi mabala ena. Khadi la wantchito amene waulula katangale wa bwana wake lalembedwa kuti "woimba wezulo", ana n'kumafunsa ngati nkhani yake ndi ya mpira. Zikuoneka kuti womasulirayo ankangotsatira mawu a Chingerezi limodzilimodzi osamvetsera zomwe zikutuluka.

Koma musathawe msanga, chifukwa makadi ena ndi moto. La bambo amene mkazi wake akudwala mwakayakaya, wogulitsa mankhwala wakweza mtengo kakhumi, iye wapeza theka lokha la ndalamazo, abe kapena asabe, linatitengera masabata awiri. Nkhaniyi ndi ya Heinz, imene Lawrence Kohlberg wa ku America ankafunsa ana pofufuza m'mene amakulira pa kaganizidwe ka chabwino ndi choipa. Tinaiphunzira ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi, ndipo sindinkayembekeza kuti ingagwire ana a kuno chonchi. Koma ndi mwana uti sanaonepo kholo lake likubwera kuchipatala ndi kapepala m'manja, litauzidwa kuti mankhwala kulibe, mukagule ku famase? Mtsikana wina, wa kwaya kutchalitchi kwawo, anaumirira kuti kuba ndi kuba basi. Mnzake anamufunsa modekha kuti akanakhala mayi ake ogonawo akanawauza vesi liti. Sanayankhe tsiku limenelo. Lachitatu lotsatira anabwera atakonzeka: bamboyo abe, koma m'mawa akadzipereke yekha kupolisi. Ine ndinangokhala pa desiki n'kumamvetsera.

La likasa nalo linatentha. Mnzako wakutumizira pepala la mayeso pa foni usiku, mawa mukulemba: utsegula, ufufuta, kapena ukanena? Ana awa ali ndi azikulu awo amene analemba MSCE ya 2020, ija inathetsedwa ili pakati chifukwa mapepala anatuluka, onse n'kukalembanso mu Januwale 2021, olakwa ndi osalakwa omwe. Ndiye mtsutso sunali wa m'mabuku ayi. Ena anati ukanena ndiye walanga dziko lonse. Ena anati ukakhala chete walanga mwana wa kumudzi wopanda foni, amene apikisane nawe malo a ku yunivesite. Mnyamata mmodzi, mosabisa, anati iye angatsegule kaye kenako n'kukanena. Anzake anamukuwiza, koma ndikukhulupirira kuti ananena zimene ambiri anali nazo mumtima.

Tsopano chimene chandipangitsa kukhala pansi n'kulemba zonsezi. Kumapeto kwa kabuku ka mphunzitsi kuli masamba asanu ndi limodzi olembedwa kuti "Yankho loyenera", khadi lililonse mzere umodzi. Heinz asabe chifukwa kuba n'kuphwanya lamulo. Za likasa ukauze mphunzitsi wamkulu. Basi. Bambo ogulitsa inu, ngati mukuwerenga, masamba amenewa akupha katundu wanu yemwe. Kohlberg mwiniwakeyo sankasamala kuti mwana wati abe kapena asabe. Ankamvetsera chifukwa chimene mwanayo wapereka. Tsiku lina ndinasiya kabukuko pa tebulo ndikupita ku stafu, ndipo pobwera ndinapeza kakuyenda m'manja. Kuyambira pamenepo aliyense akaima ankangolankhula zoti zifanane ndi tsambalo. Wina anafunsa kuti, "Madamu, mungotiuza mayankhowo tilembe, kodi zibwera pa mayeso?" Ana athu tawazoloweza kuti funso lililonse lili ndi yankho limene wochonga wabisa m'thumba, ndipo ola limodzi pa sabata limene ndinkayesa kuwachotsa pamenepo linaonongeka ndi masamba asanu ndi limodzi a pepala. Ndinawadula ndi lezala madzulo omwewo. Panatenga milungu itatu kuti ana ayambirenso kutsutsana moona mtima.

Vuto lachiwiri ndi langa ndi la ogulitsa pamodzi. Kabukuko kamati sakanizani makadi, mwana atole limodzi mwamwayi. Ndinatsatira. Khadi 37 limati mnzako wapamtima wakuuza mwachinsinsi kuti ndi woyembekezera, mimba ndi ya munthu wamkulu wolemekezeka, ndipo wakulumbiritsa kuti usauze aliyense. Ndisanamalize kuwerenga ndinamva kalasi yazizira. Maso onse anapewa ngodya imodzi. Mtsikana wina anatola chikwama chake n'kutuluka, mnzake pambuyo. Sindinena zambiri, nkhaniyo tinaiyendetsa ndi a hedi ndi amayi a m'gulu loyang'anira atsikana m'njira yake. Chimene ndikunena n'chakuti m'kabuku monse mulibe chenjezo ngakhale limodzi loti khadi lina likhoza kukhala moyo weniweni wa mwana amene wakhala patsogolo pako. Mulibenso mfundo zimene mwana angagwire: kuti chiyambire 1993 mtsikana amaloledwa kubwerera kusukulu akachira, kapena kuti mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Popanda zimenezi khadilo limangotokosa bala n'kulisiya. Ndinayenera kuwerenga makadi onse ndekha ndisanalowe nawo m'kalasi, ndipo sindinatero.

Chodabwitsa n'chakuti zokoma kwambiri za teremu yonse sizinachokere m'kabokosimo. Ana atazolowera kalembedwe ka makadiwo ndinawapatsa timapepala kuti alembe awo, osalemba dzina. Limodzi linati: bambo ako amakwera phiri usiku kukacheka matabwa, ndalama yake ndi imene imagula makope ako ndi kulipira lendi ya kachipinda kamene ukugona pafupi ndi sukulu, ndipo a zankhalango abwera ku kalabu yanu kudzafunsa amene akudziwa anthu odula mitengo. Aliyense kuno akudziwa kuti mkungudza wa ku Mulanje sumera pawokha kwina kulikonse padziko koma m'phiri lathuli, kuti ndi mtengo wa fuko, komanso kuti watsala pang'ono kutheratu. Aliyense akudziwanso mwini wake wa sowo. Wina anati chibale ndi fupa sichiwola, bambo sungawagulitse. Wina anayankha kuti miyala imene inatsika ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 sinafunse kuti m'bale wa ndani. Panali chete wautali, chifukwa m'kalasimo muli ana amene anagona m'misasa chaka chimenecho. Kenako anayamba kukangana ngati kudula mitengo ndi kumene kunagwetsa miyalayo kapena mvulayo inangochuluka, mpaka ndinaitana mphunzitsi wa Jogalafe kuti atithandize.

Lina linali la chithandizo: amfumu alemba azakhali ako pa mndandanda wolandira ufa pomwe nyumba yawo sinagwe, gogo woyandikana nawo amene nyumba yake inakokoloka sanalembedwe, koma ufawo ukudya nawo iwe. Lina la wothyola tiyi amene kapitawo wamuonjezera makilo pa sikelo mwangozi, pa tsiku limene mwana akudwala kunyumba. Palibe khadi la ku Limbe limene likufika pamenepa. Komabe ndisaname, ana sakanalemba zimenezi akanapanda kuona kaye m'mene funso lotere limamangidwira, kuti mbali zonse ziwiri zikhale ndi cholemera. Chimenecho makadiwa anawaphunzitsa bwino kuposa m'mene ine ndikanachitira ndi choko.

Za chilankhulo, a hedi ankafuna kuti zonse zizichitika m'Chingerezi poti ndi dibeti. Ndinayesa sabata ziwiri, ndipo ankalankhula ndi ana anayi omwewo. Panopa theka loyamba timakangana m'Chichewa, ena amaponyamo ndi Chilomwe akapsa mtima, kenako gulu lililonse limasankha mmodzi wokamba mfundo zawo m'Chingerezi. Apa ndi pamene makadi a mbali ziwiri amathandizadi.

Ndiye ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Pa makadi 60, amene ndingabwerezenso ndi pafupifupi 25, ndipo kwa sukulu ngati yathu, yopanda laibulale yeniyeni, 25 amenewo akukwanira ndalama yomwe ndinalipira. Kwa Fomu 1 sindingalimbikitse, nkhani zina n'zolemera. Ogulitsawo ndinawatumizira voisi yofotokoza za "ngolo", za "wezulo", za masamba a mayankho ndi za khadi 37. Anayankha tsiku lomwelo mwaulemu kuti Chichewacho akonza akamasindikizanso, koma mayankhowo sangachotse chifukwa aphunzitsi ambiri ndi amene amawafuna. Ndinawapemphanso kuti aziikamo makadi khumi osalemba kanthu, anati aona.

Teremu ikubwerayi kabokosika ndikubwereka mnzanga wophunzitsa ku Thyolo. Ndamuikiramo timapepala ta ana anga 12 titakopedwa bwino, ndipo khadi 37 latsala m'dilowa yanga.