Mchere uti woyenera kuthira m'thanki ya nsomba za m'madzi opanda mchere?

Nsomba ikangotuluka timadontho toyera ngati ufa pakhungu ndi pazipsepse, aliyense amakuuzani kuti thirani mchere. Koma uti?

Wolembedwa kuti aquarium salt ndi sodium chloride yekhayekha, ndipo ndi umene ine ndimadalira. Galamu imodzi mpaka magalamu 3 pa lita amathandiza kupha tizilombo ta madonthowo, komanso chloride wa mumcherewo amatchinga nitrite, poizoni wochokera ku zinyansi za nsomba, kuti asalowe m'magazi a nsomba. Chovuta chake ndi mtengo basi.

Wa kukhitchini ndi sodium chloride yemweyo. Ambiri amaopa ayodini, koma ndi wochepa kwambiri. Chimene ine ndimayang'ana papaketi ndi mankhwala oletsa mchere kugwirana. Wamiyala wa pamsika umabwera ndi fumbi, ndiye usungunuleni m'chidebe, musefe ndi kansalu. Ndipo yezani pa sikelo, chifukwa supuni ya wamiyala siilemera chimodzimodzi ndi ya wosalala.

Wopangira madzi a m'nyanja yamchere musauyandikize kwa neon tetra. Umakweza pH (muyeso wa asidi m'madzi: ikakwera ndiye kuti asidi wachepa) ndi kulimbitsa madzi powachulukitsira maminelo, pomwe tinsombati timafuna madzi ofewa. Oweta mbuna amanyengeka nawo poganiza kuti Nyanja ya Malawi ili ndi mchere. Ayi ndithu! Madzi ake ali ndi pH ya pafupifupi 8, koma mchere mulibe wonena. Mbuna zimafuna pH yokhazikika, osati mchere wa tsiku ndi tsiku.

Mchere wa Epsom ndi magnesium sulphate, wa nsomba yotupa mimba. Pa madontho oyera sugwira.

Chimene chinandipweteka ine si mtundu wa mchere, koma kuiwala kuti madzi akamaphwera mchere umatsala. Ndinkati ndikadzazitsa thanki ndithirenso. Patatha milungu ingapo, m'mbali mwa galasi munachita mzere woyera wokhakhala, zomera zinayamba kufota, ndipo ma Corydoras anga, tinsomba tokonda kukhala pansi pa thanki, anagona pansi akupuma mofulumira. Awiri anafa. Ma Corydoras ndi ma loach sapirira mchere monga momwe ma molly ndi goldfish amapiririra.

Masiku ano nsomba yodwala ndimaipatula m'kathanki kake, mchere ndimasungunula kaye, n'kumathira pang'onopang'ono kwa masiku awiri. Ndikachotsa malita 10, ndimabwezera mchere wa malita 10 okhawo. Ikachira, ndimasintha madzi osathiranso kanthu mpaka mchere wonse utatha.