WeChat kwa Mphunzitsi Wopita ku China

Ngati mukuchoka ku Zomba kukaphunzitsa ku China, ikani WeChat, pulogalamu yotumizirana mauthenga ndi kuimbirana, pafoni musanakwere ndege, chifukwa WhatsApp ndi Facebook n'zotsekedwa kumeneko. Aikireninso makolo ku Chinamwali kapena ku Matawale. Akaunti yatsopano nthawi zina imafuna kuti munthu amene ali kale pa WeChat aitsimikizire, ndipo ambiri amakakamira pamenepa.

Ubwino wake waukulu ndi wolipirira zinthu. Mukailumikiza ku khadi la banki ndi pasipoti, mumagulira ngakhale masamba pamsika. Pa Chaka Chatsopano cha Atchaina, anzanu akuntchito adzakutumizirani pa WeChat hongbao, envelopu yofiira ya ndalama yosapitirira ma yuan 200. Itseguleni msanga n'kuthokoza, chifukwa pakadutsa maola 24 ndalamazo zimabwerera kwa mwini wake. Poimbira kumudzi, kumbukirani kuti nthawi ya ku China ili patsogolo ndi maola 6.