Fomula, chojambula kapena foni: njira iti imamasuladi samu za mawu?

Mwana wa mchemwali wanga ali Fomu 4, ndipo madzulo ambiri amabwera kwathu ndi kope la masamu. Samu zolembedwa m'manambala okhaokha sizimuvuta. Zimene zimamugwetsa ndi zija zobwera ngati nkhani: wina akusunga ndalama sabata ndi sabata, makwerero atsamira khoma, boti lanyamuka padoko. Pomuthandiza iyeyu ndi anzake, ndaona kuti ana akakumana ndi funso lotere amagawika patatu. Ena amathamangira fomula imene analoweza, ena amayamba ajambula kapena kundandalika manambala, ndipo ena amangoloza kamera ya foni pa funsolo. Njira zitatuzi ndaziyesa pa mafunso amodzimodzi, ndipo sizikhoza mofanana.

Tiyambe ndi funso la AP (arithmetic progression), mndandanda wa manambala amene amakwera powonjezera nambala imodzimodzi nthawi zonse. Mayi wina wasunga K500 sabata yoyamba, ndipo sabata iliyonse amawonjezera K200 pa zimene anasunga sabata yathayo. Kodi sabata ya 12 asunga zingati, nanga zonse pamodzi zikwana zingati? Woloweza amalemba a + (n − 1)d, pamene a ndi nambala yoyamba, d ndi yowonjezera ija ndipo n ndi chiwerengero cha masabata, n'kupeza 500 + 11 × 200, yomwe ndi K2,700. Zonse pamodzi amatenga n/2 n'kuchulukitsa ndi nambala yoyamba yophatikiza yomaliza, ndiye 6 × 3,200, kupeza K19,200. Mphindi ziwiri watha. Wondandalika amalemba 500, 700, 900, 1,100 mpaka kufika pa nambala ya 12, kenako n'kuphatikiza zonsezo. Amafika pomwepo ndithu, koma nthawi yapita, ndipo akalakwitsa kuphatikiza pakati, zonse za m'munsi zalakwika. Apa fomula yapambana, palibe zokayikitsa.

Koma mufunseni woloweza uja chifukwa chake tikuchulukitsa ndi 11 pamene masabata ndi 12. Ambiri amangoti ndi mmene fomula ilili. Ndipo tsiku limene ka −1 kaja kadzawatuluke m'mutu m'chipinda cha mayeso, adzalemba K2,900 mtima uli m'malo. Wondandalika sangagwe m'dzenje limeneli, chifukwa waona ndi maso ake kuti sabata yoyamba sipanawonjezedwe kanthu. Ine ndimawakumbutsa za mpanda: mukamanga mpanda wowongoka wa mamita 30 n'kumazika mzati pa mamita atatu aliwonse, mipata imakhala 10 koma mizati ndi 11. Mipata imachepa ndi umodzi poyerekeza ndi mizati, ndipo n − 1 ija ndi imeneyo. Mwana akajambula mpandawo kamodzi kokha, fomula ija sayiiwalanso.

Pamene kuloweza kumathera mphamvu kwenikweni ndi pa manambala amene si AP komanso si GP (geometric progression, mndandanda umene umakwera pochulukitsa ndi nambala imodzimodzi). Taganizirani mulu wa matimati pamsika, atatu pansi, limodzi pamwamba. Mulu wa limodzi lokha ndi 1, wa misinkhu iwiri ndi 4, wa misinkhu itatu ndi 6 + 3 + 1, yomwe ndi 10, ndipo wotsatira ndi 20. Mwana amene m'mutu mwake muli mafomula awiri okha akaona 1 ndi 4 amati tikuwonjezera 3, ndiye yotsatira ndi 7. Mnzake amati tikuchulukitsa ndi 4, ndiye ndi 16. Onse awiri aphonya, ndipo chowapusitsa n'choti anasankha fomula asanayang'ane nambala yachitatu. Wolemba tebulo amaika kusiyana kwa manambalawo pansi pake, 3, 6, 10, n'kuona msanga kuti kusiyanako sikukufanana, choncho fomula ya AP ilibe malo pano.

Ndisakondere, pali mafunso amene kundandalika n'kudzizunza chabe. Munthu wakongola K10,000 ya katapila pa 20 peresenti mwezi uliwonse. Ngati chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa K10,000 yokhayo, ngongole imakwera motere: 12,000, 14,000, 16,000, ndipo pakutha miyezi 12 ndi K34,000. Imeneyi ndi AP. Ngati chiwongoladzanja nachonso chikubereka, ngongole imayenda 12,000, 14,400, 17,280, yomwe ndi GP, ndipo pakutha miyezi 12 imafika pafupifupi K89,161. Kuchulukitsa ndi 1.2 ka 12 pamanja n'kutaya nthawi ya mayeso, pamene pa calculator n'kungodina kangapo. Komabe onani kuti manambala atatu oyambawo ndi amene atiuza kuti iyi ndi AP, iyo ndi GP. Kundandalika pang'ono kunatsegula njira, fomula n'kumalizitsa ulendo. Funso limeneli ndimalikonda pa chifukwa chinanso, choti mwana amachoka atamvetsa chimene chimachititsa kuti katapila alande anthu katundu.

Tikafika ku geometry, kusiyana kwa njirazi kumakula. Makwerero a mamita 5 atsamira khoma, ndipo tsinde lake lili mamita 3 kuchokera pakhomapo. Afika patali bwanji m'mwamba? Woloweza amakumbukira Pythagoras, a² + b² = c², n'kuphatikiza 25 ndi 9, kupeza 34, kenako yankho la mamita 5.83. Amalemba mzere pansi pake n'kupita pa funso lina. Akanajambula khoma, nthaka ndi makwererowo, akanaona kuti makwerero ndiwo hypotenuse, mbali yaitali kuposa zonse, ndipo kuti makwerero a mamita 5 sangafike pa mamita oposa 5. Yankho ndi 25 kuchotsa 9, yomwe ndi 16, ndiye mamita 4. Fomula anaikumbukira bwinobwino, koma fomula siuza munthu kuti c ndi mbali iti. Chimenecho amanena ndi chojambula. Amisiri omanga nyumba 3, 4, 5 ameneyu amamudziwa ndi manja: amayeza 3 mbali ina, 4 mbali inayo, ndipo chingwe chodutsa pakati chikakwana 5 amadziwa kuti ngodya ya maziko yawongoka.

Mafunso a bearing, ngodya yoyezedwa kuchokera kumpoto motsata mmene wotchi imayendera, ndiye osayerekeza n'komwe kuwayamba osajambula. Boti lachoka ku Nkhotakota, layenda makilomita 8 pa bearing ya 060°, kenako makilomita 6 pa 150°. Lili kutali bwanji ndi pamene linanyamukira? Mwana amene sanajambule amaona 60 ndi 150 n'kuyamba kuwaponya mu cosine rule, fomula yopezera mbali ya triangle, osadziwa ngodya yoyenera. Wojambula amaika mzere woloza kumpoto pamalo onse awiri, ndipo amaona kuti botilo lakhota madigiri 90 ndendende. Ndiye kuti ndi Pythagoras wamba, 64 + 36 = 100, makilomita 10. Pano pali njira ziwirinso za kajambulidwe. Kujambula moyeza ndi rula ndi protractor kumapereka yankho loyandikira, mwina 9.9 kapena 10.1, ndipo kumadalira kusongoka kwa pensulo. Kachojambula kachangu kosayeza n'kokwanira ngati cholinga n'kudziwa fomula yoti mugwiritse ntchito. Funso likanena kuti mujambule moyeza, yezani. Likapanda kutero, kachanguko kakukwanirani.

Nanga foni? Pali mapulogalamu a mitundu iwiri amene ana amawasakaniza. Photomath ndi ena ofanana naye amawerenga samu kudzera pa kamera n'kuonetsa mayendedwe ake mpaka pa yankho. Pa samu ya manambala okhaokha amathandiza, makamaka kwa mwana amene akuwerenga yekha usiku popanda womufunsa. Koma pa samu za mawu, ntchito yovuta ndi kusandutsa nkhani kukhala samu, ndipo imeneyo ndi ntchito yomwe mwanayo akufunika kuphunzira. Foni ikamuchitira, iye watsala pomwe anali. GeoGebra ndi wosiyana. Anamuyambitsa Markus Hohenwarter ku Salzburg m'dziko la Austria mu 2001, ndipo ndi waulere. Iyeyu amakupatsani malo ojambulira. Mungakoke nsonga imodzi ya triangle ndi chala n'kuona kuti ngodya zitatuzo zikusintha koma zikaphatikizidwa zikungokhalabe 180°. Mwa awiriwa, ine ndimalola GeoGebra ndi mtima wonse, pamene winayo ndimati atsegulidwe mwana atamaliza kale samu, pongofuna kuona ngati wakhoza. Ndipo tisaiwale kuti m'chipinda cha mayeso a MANEB foni siilowa. Mumalowa rula, pensulo, protractor ndi mutu wa mwanayo.

Pali chinthu china chimene chimapendeketsa sikelo kwa ife kuno. Mafunsowa amabwera m'Chingerezi, ndipo nthawi zambiri mwana sagwa ndi samu koma ndi mawu. Sasiyanitsa funso lofuna ndalama za sabata ya 12 yokha ndi lofuna ndalama za masabata 12 onse, ndiye amagwiritsa ntchito fomula yolondola pa funso lolakwika. Kuloweza sikuchiza vutoli. Kujambula ndi kundandalika kumamukakamiza kuwerenga funso chiganizo ndi chiganizo, chifukwa sungajambule chinthu chimene sunachimve. Mphwanga ndimamuuza kuti ayambe wandifotokozera funsolo m'Chichewa, ngati akuuza agogo ake, asanagwire cholembera. Akalephera kulifotokoza, fomula sindimulola kuyigwira.

Ndiye mukandifunsa kuti mwa zitatuzi ndisankhe imodzi yokha, ndisankha kujambula ndi kundandalika, ngakhale ndi njira yochedwa. Imapereka yankho ngakhale fomula itaiwalika, ndipo imaonetsa yankho losatheka lisanalembedwe. Komanso wochonga akaona chojambula cholondola ndi njira yolembedwa bwino, amakhala ndi poperekera malikisi ngakhale nambala yomaliza itaphonyeka, pamene yankho lolakwika loima palokha silipeza kanthu. Mmene timachitira kwathu tsopano ndi motere: pa funso la AP kapena GP amalemba manambala atatu kapena anayi oyamba asanasankhe fomula, ndipo pa geometry amajambula n'kuika muyeso uliwonse pa mbali yake. Sabata yatha ndinamupatsanso funso la makwerero lija nditasintha manambala kukhala 13 ndi 5. Anajambula khoma, analemba 13 pa mzere wopendekeka, n'kupeza 12.