Ndemanga ya ulendo wa pa boti ku Majete kwa opita ndi banja

Banja limene lili ndi tsiku limodzi lokha komanso ndalama zowerengeka silingathe kuchita zonse zimene zili ku Majete, choncho liyenera kusankha pakati pa kuzungulira nkhalango pa galimoto, kuyenda wapansi ndi asilikali a nkhalango, kuona mathithi a Kapichira ndi kukwera boti pa Shire. Ife tinachokera ku Nchalo ndi ana pamodzi ndi amayi anga okalamba, ndipo langizo langa ndi lakuti muyambe mwapatula ndalama ya boti.

Pa galimoto nyama mumachita kuzisaka. Mikango ilipodi, chifukwa bungwe la African Parks, lomwe layendetsa malowa kuyambira 2003, linaibwezeretsa mu 2012, koma m'nkhalango ya mahekitala 70,000 palibe angakulonjezeni kuti muiona, ndipo ana sachedwa kutopa. Kumtsinje nyama zimabwera zokha, makamaka m'chilimwe pamene zithaphwi zauma. Tinaona njovu zikumwa madzi ndi ana awo, ng'ona zikuwothera dzuwa pamchenga, ndi nkhwazi ili pamtengo. Ife a kuchigwa timadziwa mvuu ngati mdani wowononga chimanga kudimba, ndipo ng'ona timaitchula ndi mantha padooko, motero zinandikhudza kwambiri kuona ana anga akuziyang'ana modekha uku agogo awo akuwafotokozera makhalidwe ake. Woyendetsa boti anaonetsetsa kuti aliyense wavala jekete loyandamitsa, sanayandikire mvuu zokhala ndi ana, ndipo polowa anagwira amayi dzanja nati, "Amayi, khalani pakatipa, sipagwedezeka kwambiri."

Boti mukwere madzulo, pakuti kutentha kwa ku Chikwawa mu Okutobala kumatha kupyola madigiri 40, ndipo pamadzi dzuwa la masana limapweteka ana. Ngati ndalama ikulola, galimoto ikhale ya m'mamawa, masana mupume pamthunzi. Kuyenda wapansi sindikuona kuti n'koyenera okalamba ndi ana ang'onoang'ono. Mathithi a Kapichira, amene anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859, safuna nthawi yaitali, koma mwana wa sukulu amapindula akawaona ndi maso.

Musananyamuke, imbani foni kuti musungitse malo m'boti, ndipo mufunse mtengo wa nzika za Malawi, chifukwa polowa m'nkhalangoyi timalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja.