Plex kapena Jellyfin: kiyi mupatse ndani?

Anzanga kuno ku Salima sakundipumitsa ndi funso loti pa laputopu yakale imene ndimasungirapo mafilimu ndi mavidiyo a banja ndinaikapo chiyani. Ndayesa ziwiri, Plex ndi Jellyfin, mapulogalamu amene amathandiza kuti mafilimu osungidwa pa kompyuta imodzi anthu aziwaonera pa mafoni ndi ma TV awo. Kukongola, Plex yapambana, ndipo pamenepo sindichedwapo.

Changa ndi makiyi. Ndinachita ulesi ine, m'malo momutsegulira akaunti yakeyake mphwanga wa ku Senga Bay, ndinangomupatsa password yanga. Mnyamata anapeza mavidiyo opanda mayina, nkuganiza kuti ndi zinyalala, nkufufuta. Momwemo munali chinkhoswe cha mlongo wanga, ndipo kwina kosungira kunalibe. Mpaka lero mlongo wangayo akandiona amangoti, "Achimwene, vidiyo ija?" Mlandu ndi wanga, sindikana.

Kuchokera tsiku limenelo ndimayamba ndayang'ana kuti munthu aliyense aloledwa kuchita chiyani. Pa Plex, amene mwamugawira mafilimu sangafufute kanthu, amatha ndi mwini seva (kompyuta yosungira mafilimuyo) yekha. Pamenepo ndiwapatse ulemu wawo. Koma Jellyfin imakusiyirani zambiri m'manja: munthu uyu aone gulu liti la mafilimu (library), afufute kapena ayi, msinkhu wa mafilimu ufike pati, aonere maola ati. Ana anga masiku a sukulu imawatsekera 8 koloko usiku, ine osatsegula pakamwa. Mungathenso kuchepetsa bitrate (kuchuluka kwa data imene vidiyo imadya) ya wachibale wakutali kuti bandulo yake isathe filimu ili pakati.

Za ndalama tsono. Kuyambira pa 29 April 2025, kuonera mavidiyo anu a pa Plex muli kunja kwa nyumba kumafuna kulipira umembala wotchedwa Plex Pass kapena Remote Watch Pass, ndipo nthawi yomweyo Plex Pass yolipira kamodzi inakwera kuchoka pa $119.99 kufika pa $249.99. Madola amenewo, mmene ndalama zakunja zikusowera muno, muwapeza kuti? Jellyfin, imene inapatuka ku pulogalamu ina yotere yotchedwa Emby mu 2018, ndi yaulere, ndipo maakaunti amakhala pa kompyuta yanu yomweyo, moti intaneti ikathawa a m'nyumba amalowabe.

Chovuta chake, njira yoti achibale a ku Nkhotakota alowere muyenera kukonza nokha. Ine ndinadzera pa Tailscale, pulogalamu yolumikiza zipangizo zakutali ngati zili m'nyumba imodzi, ndipo Loweruka lonse linathera pomwepo.

Ndatsalira Jellyfin. Mphwanga uja ali ndi akaunti yake tsopano, amaonera mmene afunira, koma kabokosi kololeza kufufuta sindinakachonge.