Cape Town imene simuiona pa zithunzi

Abale anga kumudziko, mwakhala mukundifunsa ngati ku Cape nkokongoladi monga zimaonekera pa zithunzi zomwe anyamata amaika pa WhatsApp. Nkokongoladi, zimenezo sindingatsutse. Ine ndimakhala ku Joni, ndiye tchuthi cha Disembala chitakwana ndinakwera basi kukachezera msuweni wanga amene anakhazikika kumeneko. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400. Usiku wonse mumayenda m'dziko louma la Karoo, kukamacha n'kutsikira m'zigwa za minda ya mphesa, kenako kulowa mumsewu woboola phiri wa Huguenot. Mukangotulukamo, sipatenga nthawi Table Mountain imaonekera kutsogolo, pamwamba pake pali thyathyathya.

Phirilo si lalitali kwenikweni, ndi mamita 1,086 pamene Sapitwa wathu amapitirira 3,000. Koma linangodzuka m'mphepete mwa nyanja penipeni, mzinda n'kupanikizika pakati pa thanthwe ndi madzi, moti kulikonse kumene ungaime limakhala likukuyang'ana. Pansonga pake pali mulu wa miyala wotchedwa Maclear's Beacon. Thomas Maclear ameneyo anali katswiri wa zakuthambo ku Cape komanso bwenzi la David Livingstone, ndipo Cape Maclear yathu ya ku Mangochi inatchedwa dzina la munthu yemweyo. Chilimwe chawo chimabwera ndi chimphepo chochokera kummwera chakummawa chomwe eni ake amachitcha Cape Doctor. Ndinaona mayi wina pa Adderley Street atagwira mtengo wa magetsi ndi manja awiri, kudikira kuti chidutse.

Pakati pa tauni mungathe kuyendapo wapansi. Jan van Riebeeck anafika mu 1652 atatumidwa ndi kampani ya Adatchi kuti adzalime ndiwo zamasamba zodyetsa amalinyero opita ku Asia, ndipo dimba lakelo lilipo mpaka lero, amati Company's Garden. Linga la Castle of Good Hope analimanga kuyambira 1666 mpaka 1679. Akhoi amene ankadyetsa ng'ombe m'tsinde mwa phirimo anathamangitsidwa pang'onopang'ono. Ikakwana 12 koloko masana mzinga umalira pa Signal Hill, alendo n'kudzidzimuka, eni mzinda n'kungoyang'ana wotchi.

Malo amene anandikhudza mtima ndi Slave Lodge, kumapeto kwa Adderley Street, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Inamangidwa mu 1679 kuti muzigona akapolo a kampani ija, ochokera ku Madagascar, India, Indonesia ndi Mozambique. Muli chipinda chofotokoza za sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José. Inanyamuka pa chilumba cha Mozambique mu Disembala 1794 itanyamula anthu oposa 500, ulendo wa ku Brazil. Itafika pa Cape inawomba miyala pafupi ndi gombe la Clifton. Oyendetsa sitimayo anapulumuka. Anthu oposa 200 anamira gombe likuoneka, ndipo otsalawo anagulitsidwa mumzinda momwemo. Akatswiri anapeza pansi pa nyanja zitsulo zolemera zomwe ankaika kunsi kwa sitima kuti isapendeke ikanyamula anthu, ndipo zimenezi zinathandiza kutsimikiza kuti ndi yomweyo. Mu 2015 panachitika mwambo wowakumbukira, anthu n'kuthira m'nyanjamo dothi lochokera ku Mozambique.

Ndinaima nthawi yaitali m'chipindamo. Anthu amenewa anatengedwa kumpoto kwa Mozambique, dera loyandikana ndi kwathu, kwawo kwa Amakuwa amene ndi abale a Alomwe athu. Mawa lake ndinapita ku Clifton komweko. Mchenga wake ndi woyera mbee, nyumba zake ndi zina mwa zodula kwambiri m'dziko lonse la South Africa, ndipo madzi ake ndi ozizira moti phazi limachita dzanzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Panjira ndinamva bambo wina akuyankhula Chitonga pa foni, ali pamwamba pa makwerero akudula maluwa a mpanda wa bwana wake. Tinapatsana moni ngati tinadziwana kale.

Ku Bo-Kaap, kumene kuli nyumba zopaka utoto wowala zomwe mumaziona pa zithunzi zija, kumakhala Asilamu amene ambiri ndi zidzukulu za akapolo omwewo, ndipo mzikiti wa Auwal wa mu 1794 ndi wakale kuposa yonse m'dzikomo. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, koma anthuwo anakakamizidwa kutumikirabe mpaka 1838.

Chakummawa kwa tauni kuli malo aakulu a udzu okhaokha, chinthu chodabwitsa mumzinda umene malo ndi odula chonchi. Pamenepo ndiye panali District Six. Pa 11 Febuluwale 1966 boma la tsankho linalengeza kuti ndi dera la azungu okha, ndipo m'zaka zotsatira anthu oposa 60,000 anasamutsidwira kumchenga wa Cape Flats, nyumba zawo n'kugumulidwa. Matchalitchi ndi mizikiti ndi zomwe anazisiya. M'nyumba yosungiramo mbiri yawo pa Buitenkant Street, yomwe kale inali tchalitchi cha Methodist, anayala pansi mapu aakulu a deralo, ndipo amene ankakhalako anabwera kudzalemba ndi manja awo mayina a mabanja pamene panali nyumba zawo. Umayenda ukuponda pamwamba pa makomo a anthu. Kuchokera pamenepo ndi mtunda waufupi kukafika pa City Hall, pomwe Nelson Mandela anayankhula pa 11 Febuluwale 1990, tsiku lomwe anatuluka m'ndende.

Tsono msuweni wanga amagona kuti? Amakhala ku Imizamo Yethu, pamtsetse wa phiri ku Hout Bay, kumene Amalawi aliko ambiri. Mkhukhu wake ndi wa malata, bedi limodzi, chitofu cha mbale ziwiri pamwamba pa bokosi, zovala zili lendee pa waya, ndipo pakhoma anamatapo makatoni kuti mphepo isalowe. Ukaima pakhomo umaona doko, maboti ndi nyumba za madamu osambira zomwe iye amakasesa ndi kuthirira. Usiku umenewo tinadya nsima ya ufa wogula ndi nsomba ya snoek yootcha, yaminga yaitali, yokoma ndithu. Chimphepo chija chitayamba, iye anadzuka kukaona ngati aneba azimitsa makandulo. Moto wa mu Malichi 2017 unasiya anthu masauzande opanda pogona pamalo omwewo, ndipo palibe amene anauiwala. Zikalata zake amazisunga m'kachikwama ka pulasitiki pafupi ndi chitseko. Anzathu ena ali ku Masiphumelele, ku Capricorn ndi ku Dunoon, ndipo moyo wake ndi womwewo: kulawirira m'bandakucha, kukongoletsa mzinda, madzulo n'kubwerera kumphepete.

Zimandiwawa kuti ife eni ake sitidziwa kuti Mmalawi anagwedezapo mzinda umenewu. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, wophunzira wa ku Livingstonia, anafika ku Cape Town mu 1918. Mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU pamodzi ndi onyamula katundu padoko, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anatsogolera sitiraka yomwe inaimitsa ntchito padokopo kwa masabata awiri. Bungwelo linakula n'kufalikira South Africa yense. Anamwalirira ku East London mu 1951. Ndinayenda ku Waterfront, kumene alendo amakwerera boti la ku Robben Island, ndikuganizira za mnyamata wa kunyanja kwathu akuima pamaso pa anthu a zilankhulo zina n'kuwauza kuti thukuta lawo lili ndi mtengo.

Achimwene amene mukulingalira zobwera kuno kummwera, dziwani kuti ku Cape mvula imagwa nthawi yozizira, Juni ndi Julayi, yosakaniza ndi mphepo. Miyezi imeneyo mikhukhu ya m'malo otsika imalowa madzi, alendo amachepa, maganyu a m'minda ya maluwa ndi m'malo odyera amasowa, koma lendi ndi mathikiti a basi sizidikira. Msuweni wanuyu akachedwa kutumiza ya feteleza kapena ya fizi, muyambe mwamufunsa za moyo wake musanafunse za ndalamazo.