'Salem's Lot: kuwerenganso buku kapena kuonera filimu ya 1979?

Wofuna kubwerera ku Jerusalem's Lot, katauni ka ku Maine, ku America, komwe Stephen King anapeka m'buku lake la 1975 lonena za anamapopa, 'Salem's Lot, ali ndi njira ziwiri: kutsegulanso bukulo, kapena kuonera filimu ya pa TV imene Tobe Hooper anatsogolera mu 1979.

Filimuyo ndi ya maola pafupifupi atatu, ndipo mphamvu yake ili m'zimene maso akuona. Kamnyamata kakufa koyandama pazenera usiku, kakukanda galasi, sikachoka m'mutu. Koma Barlow, namapopa wamkuluyo, anamusandutsa chilombo chadazi chosayankhula, chongolusa basi.

M'buku Barlow amayankhula, tsono ndi lilime lakelo amagwetsa chikhulupiriro cha bambo Callahan, wansembe wokonda kachakumwa. Ndili mnyamata ndinkadumpha masamba ofotokoza anthu a m'tauni, pothamangira pamene pali magazi. Ulendo uno masamba omwewo ndiwo andisowetsa tulo: miseche ya pa foni, mayi womenya khanda lake, ndi Larry Crockett, wogulitsa nyumba wadyera, amene anapereka nyumba ya Marsten, chinyumba chakale choopsa cha m'tauniyo, kwa mlendo osafunsa zambiri chifukwa choona phindu. Tauniyi inali itawola kale namapopa asanafike. Anthu akutha mmodzimmodzi, anansi n'kumangoti mwina ndi chimfine. Zimenezi filimu imangozikhudza pang'ono.

Mukakhala ndi usiku umodzi wokha, onerani filimu. Buku linanditengera sabata yonse, ndipo mbali yake yoyamba imayenda mwaulesi, Ben Mears, mlembi amene ndiye mwininkhani, akungozungulira m'tauni n'kumayang'ana nyumba ya Marsten ija pamwamba pa kaphiri.